Lesitilanti ya Hermitage ku Moscow: mafunso ndi mayankho

Kodi Hermitage imeneyi ndi nyumba yotchuka ija yosungiramo zithunzi?

Ayi, ngakhale ambiri amasokoneza. Ija ili ku St Petersburg, ndipo inayamba ndi zithunzi zomwe mfumukazi Catherine II inagula mu 1764. Yomwe tikukamba pano inali lesitilanti ya ku Moscow, pa bwalo la Trubnaya, pomwe msewu wa Neglinnaya umakumana ndi Petrovsky Boulevard. Nyumba yake ndi ya mu 1864, ndipo anaikonza ndi katswiri wa zomangamanga Dmitry Chichagov. Ngati kusokoneza kumeneko sikunakwane, mu Moscow momwemo mulinso munda wa zisangalalo wa dzina lomweli pa msewu wa Karetny Ryad.

Dzina lakuti Hermitage ndi la Chifalansa, ndipo limatanthauza kanyumba ka munthu wodzipatula, wothawa phokoso la anthu kuti azipemphera payekha. Pa malo pomwe anthu ankamwa mpaka tambala woyamba, dzinali linali ngati nthabwala.

Anaiyambitsa ndani?

Anthu awiri: Lucien Olivier, yemwe ankadziwa zakudya za Chifalansa ndi kasamalidwe ka alendo, ndi Yakov Pegov, wamalonda wa ku Moscow yemwe anali ndi malo komanso ndalama.

Nkhani ya m'mene anakumanirana inafalitsidwa ndi mtolankhani Vladimir Gilyarovsky, yemwe analemba zambiri za Moscow wakale. Iye akuti awiriwa anali okonda fodya wa m'mphuno, ndipo onse ankagula kwa wapolisi wina wolondera pa bwalo la Trubnaya, yemwe ankapera fodya wake m'kanyumba kake ka ulonda n'kumuthira mafuta onunkhira a bergamot. Kukumanakumana pogula fodya kunasanduka ubwenzi, ubwenzi n'kubala bizinesi. Gilyarovsky anali katswiri wokometsa nkhani, moti owerenga anzeru amamumvera ngati m'mene timamvera agogo odziwa kusimba: mutu wa nkhani ndi woona, koma mchere wina ndi wawo. Vuto n'lakuti pafupifupi aliyense wolemba za Hermitage amatunga pachitsime chake chomwecho.

Olivier anali Mfalansa?

Mabuku ambiri amamutcha wophika wochokera ku France, ena amati ku Belgium. Ofufuza a m'zaka zaposachedwa, atafunyulula zikalata zakale, anapeza kuti anali wa banja la Chifalansa lomwe linakhazikika ku Moscow komweko, ndi kuti ntchito yake yaikulu inali kuyendetsa lesitilanti, osati kuima pamoto. Gilyarovsky yemwe akunena kuti Olivier ndiye ankayang'anira zonse, Mfalansa mnzake dzina lake Marius ankasamalira alendo olemekezeka, pomwe kukhitchini kunali wophika wina wotchuka wochokera ku Paris.

Olivier anamwalira mu 1883 ali ndi zaka 45, ndipo anaikidwa ku manda a Vvedenskoye ku Moscow, komwe ankaika anthu osakhala a mpingo wa Orthodox. Manda ake anaiwalika kwa zaka zambiri mpaka pomwe anapezekanso mu 2008.

N'chifukwa chiyani malo odula chonchi anachita bwino m'zaka zimenezo?

Chifukwa ndalama za Russia zinali kusintha manja. Likulu la dziko linali St Petersburg, kwa mfumu ndi nduna zake, pomwe Moscow unali mzinda wa matchalitchi, wa mabanja akale a eni minda ndi wa amalonda. Mpaka 1861 alimi mamiliyoni ambiri anali omangika kwa eni minda, ndipo ankawagwirira ntchito mokakamizidwa. Wodziwa mbiri ya thangata angazione ngati zapafupi, kungoti kumeneko zinafika poti munthu ankatha kugulitsidwa. Mfumu Alexander II itathetsa dongosololi, eni minda analandira chipukutamisozi kuchokera ku boma, ndipo ambiri anapita nacho ku tawuni kukachidya. Awa ndiwo anali makasitomala oyamba a Hermitage. Kunyumba kwawo antchito aulere anali atachoka, choncho phwando lomwe kale likanachitikira pakhomo linasamukira ku lesitilanti.

Chuma chawo sichinakhalitse. Pomwe iwo ankafota, amalonda ankanenepa: eni mafakitale a nsalu, omanga njanji, eni mabanki. Njanji yolumikiza Moscow ndi St Petersburg inali itatsegulidwa mu 1851, ndipo zina zinatsatira mbali zonse. Ambiri mwa mpondamatiki atsopanowa anali zidzukulu za alimi omangika aja. Banja la a Morozov, la mafakitale a nsalu, ndi chitsanzo chodziwika. Anthu otere ankafuna kudya zomwe ankadya mabwana a makolo awo, pa tebulo lomwelo, n'kulipira kuposa iwo.

Kodi dera la Trubnaya linali la anthu olemera?

Kutalitali. Dzina lakuti Trubnaya likuchokera ku mawu a Chirasha akuti truba, kutanthauza paipi, chifukwa kale mtsinje wa Neglinnaya unkadutsa pamenepo kudzera pa bowo la m'linga la mzinda. Pakati pa 1817 ndi 1819 mtsinjewu anaukwirira kuti uziyenda pansi, koma mvula ikagwa yamphamvu unkaphulika n'kudzaza bwalo lonse ndi madzi onyansa. Lamulungu pabwalopo pankakhala msika wa mbalame, agalu ndi ziweto zina zazing'ono. Kutsidya kwake kunali Grachevka, dera la timisewu ta mahule, akuba ndi anthu osowa pogona. Kumeneko kunali malo omwera mowa otchedwa Krym, omwe chipinda chake chapansi anthu ankangochitcha Ad, ndiye kuti Gehena.

Ndiye munthu ankatha kutsika m'ngolo ya akavalo pakhomo la Hermitage atavala chikhoti cha ubweya wodula, kwinaku masitepe ochepa chabe pali anzake omwe sanadye chichereni.

Mkati mwake munali motani?

Munali holo yaikulu ya zipilala zoyera, magalasi, nyali za kristalo ndi mipando yokutidwa ndi silika. Munalinso tizipinda tapadera, tomwe Arasha ankati kabinet, ta anthu ofuna kudya osaonedwa kapena kukambirana za malonda. M'tizipinda timeneti ndimo munkachitika zambiri zomwe anthu ankanong'onezana mawa lake. Gilyarovsky akusimba za gulu la anthu omwaza ndalama lomwe linadyera m'chipinda chofiira nkhumba yophunzitsidwa ya wanthabwala wina wa ku sekasi, popanda chifukwa china koma kuonetsa kuti angathe.

Chomwe chinasiyanitsa Hermitage ndi malesitilanti a ku St Petersburg chinali zovala za operekera zakudya. Ku likulu kuja ankavala majekete akuda a mchira ngati ku Paris. Kwa Olivier ankavala ngati anyamata a m'malo odyera a Chirasha, otchedwa traktir: malaya oyera aatali osapisira ndi buluku loyera, koma zosokedwa ndi nsalu yodula ya ku Holland, m'chiuno atamanga lamba wa silika. Apa mpomwe pagona nzeru za mwini wake. Wamalonda wa ku Moscow ankafuna chakudya cha Chifalansa, koma sankafuna kuchita manyazi pamaso pa woperekera wooneka ngati bwana kuposa iye. Anapatsidwa zonse ziwiri, mbale ya ku Paris m'manja mwa mnyamata wa kwawo.

Anyamata a ntchito imeneyi ku Moscow ambiri ankachokera m'midzi ya chigawo cha Yaroslavl, ndipo ankayamba ali ana, kutsuka mbale ndi kutumidwa. Moyo wawo unkadalira kangachepe komwe kasitomala ankasiya pa tebulo, komwe m'Chirasha amati ndi "ka tiyi".

Ankadya chiyani?

Umboni wabwino ndi kalata ya wolemba Fyodor Dostoevsky. Mu Meyi 1880 anafika ku Moscow ku mwambo wovundukula chipilala cha mlakatuli Alexander Pushkin, ndipo anzake anamukonzera phwando ku Hermitage. Polembera mkazi wake Anna anatchula nyama yofutsa ya nsomba ya sturgeon, nsomba yowiritsa ya sterlet yotalika kuposa mita, supu ya kamba, zinziri, katsitsumzukwa, sitiroberi, ayisikilimu, ndi shampeni wosefukira ngati mtsinje. Iye, munthu wa ku St Petersburg yemwe moyo wake wonse ankavutika ndi ngongole, anavomera kuti kwawo sakonza chonchi.

Chakudya chinkayamba ndi zakuski, timbale tating'onoting'ono totsegulira m'mimba: mazira a nsomba ya sturgeon, nsomba zamchere, bowa woviika, zonse zotsikira ndi vodka. Kenako supu, nsomba, nyama, mbalame zakutchire, zotsekemera, chilichonse panthawi yake. Kaperekedwe kameneka, kobweretsa chakudya chimodzichimodzi chikadali chamoto mmalo moyala zonse pa tebulo nthawi imodzi, Afalansa eniake anakatengera kwa Arasha, ndipo mpaka lero amakatcha service à la russe.

Nanga saladi yotchuka ija inali ndi chiyani?

Olivier sanasindikize kapangidwe kake. Kolembedwa koyamba kanatuluka mu 1894 m'magazini ya Nasha Pishcha, iye atatha zaka 11 ali m'manda, ndipo patapita zaka zochepa mphunzitsi wa zophikaphika Pelageya Alexandrova-Ignatieva anakaika m'buku lake. Malinga ndi zolemba zimenezo, mtima wa saladiyi unali nyama yootcha ya ryabchik, mbalame ya m'nkhalango za kumpoto yofananako ndi nkhwali. Ankaisakaniza ndi mbatatesi yowiritsa, nkhaka zaziwisi ndi letesi, n'kuwonjezera maolivi ndi capers, timaluwa tosaphuka tosungidwa mu viniga. Pamwamba ankakongoletsa ndi michira ya nkhanu za m'mitsinje ndi tizidutswa ta msuzi wa nyama woumitsidwa mpaka kunjenjemera. Zonsezi ankazimanga ndi msuzi wa Provençal, womwe ndi mayonezi opangidwa pamanja ndi mafuta a maolivi ndi yolika ya mazira, kuphatikizapo kamsuzi kowawa ka m'botolo kotchedwa kabul, kochokera ku England.

Pali nthano yakuti poyamba Olivier ankayala zinthuzi padera-padera mwaluso, ndiye ataona kasitomala wina akuzivundula zonse ndi supuni, anapsa mtima n'kuyamba kuzisakaniza yekha. Ndi nkhani yokoma kumva, koma ndi ya mtundu uja womwe umamera pa chakudya chilichonse chotchuka.

Ndi anthu ati odziwika omwe anadyerapo?

Wopeka nyimbo Pyotr Tchaikovsky anachitirapo phwando la ukwati wake ndi Antonina Milyukova mu Julayi 1877. Banjalo silinathe n'komwe miyezi itatu awiriwo asanasiyane, koma mlandu umenewo si wa kukhitchini. Mu 1879 anthu ophunzira a ku Moscow analandirirapo wolemba Ivan Turgenev. Mu Disembala 1902 wolemba Maxim Gorky anaitanirapo ochita zisudzo a Moscow Art Theatre usiku womwe anaonetsa koyamba sewero lake lonena za anthu osowa pogona, ogona mothithikana m'chipinda chapansi. Atatha kusewera umphawi pa siteji anapita kukadya pansi pa nyali za kristalo, ndipo anthu enieni a m'seweromo anali tsidya lina la bwalo.

Wolemba Leo Tolstoy anaitchulanso m'buku lake la Anna Karenina. Mmodzi mwa anthu a m'bukumo, Oblonsky, akusankha pakati pa Hermitage ndi malo ena otchedwa Angliya, ndipo akupita ku Angliya chifukwa ndi komwe ali ndi ngongole yaikulu, choncho kuzemba kukanaoneka moipa.

Maphwando ena sanali a chakudya chokha. Boma la mfumu silinkalola misonkhano ya ndale, koma kudya pamodzi kunali kovuta kuletsa. Aphunzitsi a ku yunivesite, maloya ndi akonzi a nyuzipepala ankasonkhana ngati akukondwerera tsiku la wina wake, ndipo pokweza matambula ankalankhula zomwe sakanazilemba. Kumapeto kwa 1904 njira imeneyi inagwiritsidwa ntchito m'mizinda yambiri ya Russia pofuna malamulo oyendetsera dziko.

Ndi zoona kuti tsiku limodzi pachaka ophunzira ankalanda lesitilantiyi?

Ndi zoona, ndipo m'mbiri yonse ya Hermitage palibe chosangalatsa kuposa chimenechi. Pa 12 Januwale 1755 mfumukazi Elizabeth inasainira chikalata chokhazikitsa yunivesite ya Moscow. Pa kalendala ya mpingo limeneli ndi tsiku la Tatiana woyera, choncho linasanduka chikondwerero cha ophunzira. Mmawa kunkakhala mapemphero ndi zolankhula ku yunivesite. Madzulo khamu lonse, ophunzira a chaka choyamba, aphunzitsi awo, madokotala ndi maloya omwe anamaliza kalekale, linkatsetsereka kupita ku Trubnaya.

A lesitilanti ankadziwiratu. Mipando ya silika inkachotsedwa, makalapeti kupindidwa, mbale zodula kutsekeredwa. Pansi ankawaza utuchi, n'kuika matebulo wamba a matabwa ndi mipando yopepuka. Zakudya za Chifalansa kunalibe tsiku limenelo, koma zozizira zotsika mtengo, vodka, mowa ndi vinyo wamba. Ophunzira ankanyamula aphunzitsi omwe ankawakonda n'kuwakweza pa tebulo kuti alankhule, ndipo apolisi, omwe masiku ena ankagwira wophunzira pa kanthu kakang'ono, tsikuli ankayang'ana kumbali. Akuti alonda a pakhomo ankalemba ndi choko adiresi kumsana kwa chikhoti cha wophunzira, kuti akagwa m'chipale chofewa womutola adziwe kokamutula. Otsala ndi mphamvu ankapitirira ku Yar ndi ku Strelna, malesitilanti a kunja kwa mzinda, mpaka kucha.

Anton Chekhov, yemwe anali atangomaliza maphunziro a udokotala pa yunivesite yomweyo, analemba mu 1885 kuti chaka chimenecho anthu anamwa chilichonse kupatula mtsinje wa Moskva, ndipo mtsinjewo unapulumuka chifukwa unali utaundana. Tolstoy sanaseke nawo. Mu 1889 analemba nkhani yodzudzula anthu ophunzira chifukwa choledzera poyera pa tsiku lomwe amati ndi la maphunziro, pomwe iwo omwewo ankanyoza kuledzera kwa alimi.

Masiku ano tsikuli limakhala pa 25 Januwale, popeza Russia inasiya kalendala yakale mu 1918, ndipo kuyambira 2005 ndi tsiku la ophunzira m'dziko lonse.

Inalibe opikisana nayo?

Inali nawo, aliyense ndi mbiri yake. Kwa Testov anthu ankapitira zakudya za Chirasha zenizeni, makamaka tiana ta nkhumba. Slavyansky Bazar inali ya chakudya chamasana cha anthu a bizinesi, ndipo ndi komwe Konstantin Stanislavski ndi Vladimir Nemirovich-Danchenko anayambira mu 1897 kukambirana kwawo kwa maola 18 komwe kunabala Moscow Art Theatre. Ku Yar ankatsata makwaya a Aromani, anthu omwe ena amawatcha ma Gypsy. Hermitage inali ya maphwando akuluakulu: maukwati, zikondwerero, kulandira alendo olemekezeka.

Olivier atamwalira zinayenda bwanji?

Bizinesi inapita m'manja mwa kampani ya anthu angapo, ndipo inakula. Anakonzanso nyumba moonjezera ulemerero, ndipo pambali pa lesitilanti panali hotela ndi mabafa a nthunzi okhala ndi zipinda zobwereka, zomwe mbiri yake sinali yoyera kwenikweni. Makasitomala anasinthanso. Mabanja akale a eni minda anali atachepa, ndipo matebulo anadzaza ndi amalonda, a mafakitale ndi alendo a bizinesi ochokera kunja. Odya akale ankadandaula kuti saladi sikomanso ngati nthawi ya mwini wake, monga momwe odya akale amadandaulira kulikonse.

Inatha liti?

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu 1914, boma la Nicholas II linaletsa kugulitsa vodka, ndipo zakudya zinayamba kusowa. Mu 1917 ufumu unagwa, a Bolshevik anatenga boma, ndipo lesitilantiyi inatsekedwa. Makasitomala ake ena anathawira kunja, ena analandidwa zonse.

Inadzukanso pang'ono kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, pomwe Lenin, mtsogoleri wa a Bolshevik, analola malonda ang'onoang'ono pansi pa ndondomeko yotchedwa NEP. Nyali zinayakanso ndipo maina a Chifalansa anabwerera pa menyu, koma Gilyarovsky, yemwe anaona nthawi zonse ziwiri, akuti nyama inali yosatafunika ndipo saladi inali ya zotsalira. Posakhalitsa nyumbayo inasanduka Dom Krestyanina, kutanthauza Nyumba ya Mlimi, komwe alimi obwera ku Moscow ankafikira ndi kumvera maphunziro. Zidzukulu za anthu omwe thukuta lawo linalipira maphwando oyamba aja zinakhala pansi m'holo ya zipilala zoyera.

Ndiye saladi ya Olivier yomwe Arasha amadya lero ndi yomweyo?

Dzina ndi lomwelo, m'mbale ndi zina. M'nthawi ya Soviet Union zinthu zodula zinachoka chimodzichimodzi. Ryabchik inalowedwa m'malo ndi nkhuku, ndipo mtundu wa nkhukuwu malesitilanti ankautcha Stolichny. M'makomo nkhuku inalowedwa m'malo ndi soseji yowiritsa, kawirikawiri ya Doktorskaya, yomwe inayamba kupangidwa mu 1936. Pomwe panali capers panabwera nsawawa za m'chitini, pomwe panali nkhanu panabwera karoti wowiritsa, yemwe mtundu wake ndi wofananako. Nkhaka zaziwisi zinasanduka zoviika m'madzi a mchere, mazira owiritsa anachuluka, mbatatesi inachuluka koposa, ndipo mayonezi anayamba kuchokera ku fakitale.

Boma la Soviet linali litapondereza Khirisimasi, ndipo kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1930 chikondwerero chachikulu cha m'nyengo yozizira chinakhala Chaka Chatsopano. Saladiyi inakwanira bwino pa tsikulo. Zopangira zake zimasungika m'nyengo yomwe kulibe ndiwo zamasamba zaziwisi, imakhutitsa, ndipo imapangidwa yambiri nthawi imodzi, nthawi zina m'beseni. M'zaka za kusowa kwa katundu, amayi ankagula chitini cha nsawawa ndi botolo la mayonezi miyezi ingapo pasadakhale n'kubisa, ana n'kuuzidwa kuti asakhudze, n'za Chaka Chatsopano.

Kunena kuti ya lero ndi yabodza n'kulakwitsa. Ya Olivier inadyedwa ndi anthu ochepa kwa zaka makumi angapo, pomwe iyi yadyedwa ndi mamiliyoni kwa mibadwo itatu kapena inayi. Inafalikiranso kunja: ku Spain amati ensaladilla rusa, ku Italy insalata russa, ku Turkey Rus salatası, pomwe ku Iran anasunga dzina la mwini wake, salad olivieh.

Nyumbayo ilipobe?

Ilipo, pa Neglinnaya 29, pafupi ndi siteshoni ya sitima zapansi ya Trubnaya. Nkhondo yachiwiri itatha munakhala maofesi, kuphatikizapo kampani yosindikiza mabuku a sukulu zaukachenjede ya Vysshaya Shkola. Kuyambira 1989 muli gulu la zisudzo la Shkola Sovremennoy Pyesy, lomwe anayambitsa Iosif Raikhelgauz, ndipo holo yakale yodyera ndi momwe amaonetsera masewero. Mu Novembala 2013 nyumbayi inapsa ndi moto, gululo linasamuka kwa zaka zingapo, ndipo linabwereramo mu 2019 ataikonzanso. Wofuna kulowa m'nyumba yomwe Tchaikovsky ndi Dostoevsky anadyeramo amagula tikiti ya sewero.